Ana awerenge buku lenilenilo, osati mapamfuleti okha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya mabuku a Literature amene ana athu a Fomu 3 ndi Fomu 4 amaphunzira pokonzekera mayeso a Chingerezi a MSCE. Ndinaphunzitsa phunziro limeneli kwa zaka zambiri pa sukulu ina yoyendera ya kumudzi ndisanapume pa ntchito, ndipo masiku ano ndimathandiza adzukulu anga ndi anzawo madzulo akaweruka. Chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti ana ambiri akulowa m'chipinda cha mayeso asanawerengepo buku lenilenilo ngakhale kamodzi. Zimene agwiritsa ndi timabuku ta mafunso ndi mayankho, tija amati mapamfuleti, timene amagula m'mashopu kapena kutumizirana pa WhatsApp.

Anawo sindikuwaimba mlandu. Mwana akalephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi, choncho mantha amamukankhira ku njira yachidule. Komanso kumene ndinkaphunzitsa, ana asanu kapena asanu ndi mmodzi ankaunjikana pa buku limodzi, ndipo belu likalira bukulo linkabwerera m'kabati ya aphunzitsi kuopera kuti lingasowe. Koma njira yachiduleyi imawagwetsa, chifukwa funso likangobwera mosiyana pang'ono ndi mmene analowezera, mwana amasowa pogwira.

Anthu ena amati vuto ndi sewero la Macbeth, ndipo amafunsa kuti mwana wa ku Ntcheu apindulanji ndi nkhani ya mfumu ya ku Scotland imene William Shakespeare analemba cha m'ma 1606. Ndikuvomereza kuti Chingerezi chake n'chakale ndipo chimavuta ngakhale kwa aphunzitsi ena. Komabe nkhani yakeyo si yachilendo kwa mwana wa kuno. Munthu wotchedwa Macbeth amva ulosi wa mfiti zitatu wakuti adzakhala mfumu, mkazi wake amulimbitsa mtima, ndipo apha Mfumu Duncan usiku, amene anali mbale wake komanso mlendo wogona m'nyumba mwake. Pofuna kuteteza mpando wopezeka ndi magaziwo, aphetsanso mnzake Banquo, kenako mkazi ndi ana a Macduff, mmodzi wa akuluakulu a dzikolo. Mwana amene anamvapo za mikangano yolimbirana ufumu m'mudzi mwawo safuna womumasulira kuti zimenezi zikutanthauza chiyani.

Chimene timaiwala n'chakuti Macbeth analembedwa kuti anthu azisewera pamaso pa anzawo. Chaka china ndinatulutsa ana m'kalasi n'kupita nawo pansi pa mtengo wa mango. Ndinayamba ndawafotokozera nkhani yonse m'Chichewa, kenako ndinawagawira mbali zoti aliyense asewere m'Chingerezi cha m'bukumo. Mtsikana wina wamanyazi kwambiri anakhala Lady Macbeth, akuyenda ali m'tulo ndi kupukuta m'manja kuti achotse magazi amene palibe wina aliyense ankawaona. Anyamata anathyola nthambi n'kumayenda atabisala kumbuyo kwake, monga asilikali amene anachititsa kuti nkhalango ya Birnam ioneke ngati ikuyenda kupita ku Dunsinane, kumene kunali linga la Macbeth. Kuchokera tsiku limenelo sindinavutikenso kufotokoza mmene chikumbumtima chimazunzira munthu, kapena mmene mfiti zija zinapusitsira Macbeth ndi mawu a matanthauzo awiri.

Buku la The Pearl, limene John Steinbeck anatulutsa mu 1947, ndi lalifupi ndipo Chingerezi chake n'chosavuta, moti n'zomvetsa chisoni kuti nalonso ana akulidziwira m'mapamfuleti. Kino ndi msodzi wosauka wa ku La Paz m'dziko la Mexico. Mwana wake Coyotito alumidwa ndi chinkhanira, dokotala akana kumuthandiza chifukwa makolowo alibe ndalama, ndipo Kino atapeza ngale yaikulu m'nyanja, aliyense ayamba kumuyang'ana ndi diso la dyera. Pamfuleti imangonena kuti mutu wina wa bukuli ndi umbombo. Koma mwana amene wawerenga yekha gawo limene ogula ngale, amene onse ankagwirira ntchito bwana mmodzi, akunamizira kupikisana pomwe akutchula mtengo wotsika, amakumbukira bambo ake ataima pa sikelo ya mavenda ndi thumba la soya. Mwana woteroyo amayankha funso ndi mfundo zimene wazimvetsa, ndipo amatha kutchula umboni wochokera m'nkhanimo, zomwe ndi zimene ochonga mayeso amafuna.

Ndinaphunzitsaponso Smouldering Charcoal, buku la Paul Tiyambe Zeleza lotuluka mu 1992, pa nthawi imene linali pa mndandanda wa mabuku a mayeso, ndipo ndinaona mmene ana ankakondwera kupeza moyo wofanana ndi wa kwawo m'buku la Chingerezi. Ndikupempha akuluakulu a ku Malawi Institute of Education ku Domasi kuti akamasankha mabuku, olemba a kuno asamasowe pafupi ndi Shakespeare, chifukwa mwana akazolowera kuwerenga za kwawo salephera kulimba mtima pa za kutali.

Pempho langa lalikulu likupita ku Unduna wa Maphunziro. Sukulu zoyendera zipatsidwe mabuku okwanira kuti mwana azitha kubwereka n'kukawerenga kunyumba, ngakhale kwa sabata imodzi yokha. A MANEB nawo apitirize kufunsa mafunso ofuna kuti mwana aganize, osabwereza a zaka zam'mbuyo amene mayankho ake ali kale pamsika. Aphunzitsi anzanga amene mukadali pa ntchito, patulani maphunziro angapo pa teremu kuti ana awerenge mokweza ndi kusewera, ndipo musachite manyazi kufotokoza malo ovuta m'chinenero chimene anawo amamva. Kwa inu makolo amene mungathe kupeza kangachepe, gwirizanani mabanja atatu kapena anayi mugule buku limodzi loti ana anu azibwerekana, m'malo mogulira aliyense pamfuleti yake.

Mphunzitsi wopuma,
Ntcheu.