Ife a lendi bwanji sitifunsidwa?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za kuno ku California komwe ndikukhala. Khonsolo ya mzinda ikafuna kukongola ndalama zomangira msewu kapena laibulale, ngongole yodzabwezedwa ndi msonkho wa nyumba ndi malo, imayenera kufunsa kaye anthu pa chisankho, ndipo awiri mwa ovota atatu alionse avomere. Ngongole za sukulu zimadutsa ndi mavoti 55 pa 100, kuyambira 2000. Mu 2024 anthu anakana pa chisankho mfundo yosintha lamulo yotchedwa Proposition 5, yomwe inkafuna kufewetsa chimodzimodzi ngongole zomangira misewu ndi nyumba zotsika mtengo. Apo ndilibe nazo mlandu; wobweza ngongole azifunsidwa ndithu.

Chondiwawa ndi ndalama zapadera zomwe amalipiritsa dera limodzi, monga za magetsi a mumsewu mwathu. Malinga ndi lamulo la mu 1996 lotchedwa Proposition 218, amavota ndi eni malo okha, ndipo voti ya munthu imalemera molingana ndi ndalama zomwe adzalipire. Ine wa lendi pepala lovotera silinandipeze. Bambo eni nyumba, omwe amakhala mzinda wina, anavota okha, kenaka n'kundikwezera lendi. Chonsecho woyenda mumsewuwo usiku pochokera kuntchito ndine.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku California