Makanema a ndale amatibisira zambiri

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za makanema oonetsa zochitika zenizeni, makamaka okhudza ndale. Ambirife timawakhulupirira kuposa nkhani yolembedwa poti timati tadzionera ndi maso. Timaiwala kuti wogwira kamera ndi wodula filimu ndiwo amasankha choti tione.

Posachedwapa ndinaonera kanema wina wotere. Mtsogoleri amene opanga kanemayo amamukonda anamujambula atanyamula mwana, kanyimbo kozizira kakumveka chapansipansi. Mnzake wopikisana naye anamuonetsa akupukuta thukuta, akudodoma, ndipo yankho lake analidula asanamalize. Nditafufuza pa intaneti ndinapeza kucheza konseko. Bamboyo anayankha mwatsatanetsatane, momveka bwino ndithu. Palibe liwu limene anamuikira m'kamwa, komabe anamunamizira, ndipo zinandiwawa.

Ukathyali umenewu si wa lero. Mu 1934 Leni Riefenstahl, mayi wopanga makanema wa ku Germany, anajambula msonkhano wa chipani cha Hitler cha Nazi mumzinda wa Nuremberg, kamera ataiika m'munsi kuti Hitler aoneke ngati chimphona. Msonkhanowo unachitikadi, koma dziko linaona zokhazo zimene chipanicho chinafuna.

Sindikunena kuti wopanga kanema asakhale ndi mbali, pakuti aliyense ali ndi maganizo ake. Chondipweteka n'kubisa. Atiuze amene wapereka ndalama zopangira kanemayo. Akamuneneza munthu, ampatse mpata wodziyankhira, ndipo ngati wakana kulankhula, atiuzenso. Chithunzi chakale achilembe chaka chake, osachionetsa ngati cha dzulo.

Nanunso a nyuzipepala, mukamalemba za makanemawa, chonde muziwafunsa eni ake zimene anadula.

Ine wowerenga wanu.