Dzina la wodzalandira ndalama za inshuwalansi lisalembedwe mothamanga

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi Amalawi anzanga amene tikugwira ntchito kuno ku Johannesburg, makamaka amene timadulidwa ndalama ya inshuwalansi ya moyo mwezi ndi mwezi. Ambiri timafunsitsa za ndalama imene tizilipira ndi imene idzatuluke, koma tikafika pamzere wa munthu wodzalandira, timalemba dzina limene layamba kubwera m'mutu, kalaliki akudikira cholembera chake, ndipo fomuyo sitiyionanso.

Kampani ya inshuwalansi siitana mwini mbumba kuti akambirane monga timachitira kumudzi maliro akatha; imapereka ndalama kwa amene analembedwa basi. Ngakhale banja lithe kukhoti, dzina la mkazi kapena mwamuna wakale silifufutika lokha. Ngati simunalembe aliyense, kapena amene munamulembayo anatsogola kale, ndalamayo imalowa m'chuma cha malemu chimene chimadutsa ku ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha omwalira yotchedwa Master of the High Court, kumene angongole akhoza kuyamba kulandira zawo, woyendetsa chumacho amaloledwa kutengapo mpaka 3.5 peresenti, pamene mayi wamasiye ali ku Ntcheu akuwerenga miyezi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi cholemba achimwene pokhulupirira kuti adzalera ana. Pamaso pa lamulo, ndalamayo ndi ya achimwenewo, ndipo akagulira minibasi palibe amene angawaimbe mlandu wolanda chuma cha masiye. Sindikunyoza abale, poti ambiri amalera ana a malemu ndi mtima wonse, koma nawonso ali ndi pakhomo pawo. Kulemba anawo mwachindunji n'kwabwino, bola mufunse kampaniyo kuti idzachita chiyani ngati mwana sanakwanitse zaka 18, chifukwa gawo lake likhoza kupita kwa womulera kapena kukasungidwa ku Guardian's Fund, thumba la boma la South Africa, limene agogo a ku Mangochi sangalifikire mosavuta. Fomu imalolanso kugawa ndalamayo pakati pa anthu angapo, kotero amene ali ndi ana kuno komanso kumudzi asachite ngati ena kulibe.

Ndalama za penshoni zili ndi njira ina. Gawo 37C la lamulo la Pension Funds Act la 1956 limapatsa mphamvu oyang'anira thumbalo kuti afufuze onse amene ankadalira malemu, ndipo fomu yanu imangowaunikira.

Dzina lilembedwe monga lilili pa pasipoti kapena pa chiphaso cha unzika, pamodzi ndi tsiku lobadwa, osati dzina la pakhomo limene timaitanirana, pakuti chilembo chimodzi chosiyana chimachedwetsa ndalama. Amene mwawalembawo muwauze, ndipo muwatumizire dzina la kampani ndi nambala ya inshuwalansiyo ngakhale pa WhatsApp, popeza kampani singayambe kulipira isanauzidwe za imfa yanu ndi kupatsidwa chikalata cha imfayo.

Wowerenga wanu,
Johannesburg