Kalata yosayinidwa ndi hatchi

Mphwanga wokondedwa,

Uli bwanji kumeneko? Amayi ako andiuza pa foni kuti tsopano ukutha kulemba dzina lako wekha, komanso akuti kagalu kanu kaja sumasiyana nako, ndiye ndati ndikuuzeko za dokotala wina amene nkhani yake imandigwira mtima.

Dzina lake anali John McCrae, wa ku Canada, anabadwira ku Guelph mu 1872. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914 anapita ku Ulaya ngati dokotala wa asilikali, atatenga hatchi yake dzina lake Bonfire. Mu 1915 ku Ypres, m'dziko la Belgium, zinthu zinavuta zedi, ovulala amangobwera usana ndi usiku iye nkumawamanga mabala m'kadzenje kokumba m'mbali mwa ngalande, moti analembera mayi ake kuti masiku 17 anatha osavula zovala, olo jombo amangovula mwa apo ndi apo.

Koma tamva izi. Munthu wotopa chonchi ankapezabe mpata wolembera ana a mlongo wake, tiana ngati iweyo. Ndiye samalemba ngati iyeyo ayi, amalemba ngati kalatayo yachokera kwa Bonfire! Hatchi kumawafotokozera anawo za moyo wake kunkhondoko, ndipo pansi posayinira paja pamakhala chizindikiro cha chiboda. Tangoganiza anawo akutsegula envulopu nkupeza chiboda, kuseka kwake! Ine apa ndi pamene ndimamukondera bambo ameneyu, maso ake aona zoopsa tsiku lonse koma madzulo akuganiza zoti mwana wa mlongo wake aseke.

Kenako anamusamutsira ku chipatala cha asilikali ku Boulogne, ku France. Kumeneko anapezanso mnzake wina, galu dzina lake Bonneau, ndipo akaweruka amakwera Bonfire nkumakayenda kumidzi, galu ali pambuyo. Anadwala chibayo nkumwalira pa 28 January 1918, ndipo pa maliro ake Bonfire analipo, akuyenda wopanda womukwera, jombo za mbuye wake atazikoleka chotembenuza.

Tsono ine ndikudikira kalata yochokera kwa kagalu kako. Iwe ndiwe mlembi wake, ulembe zimene kadya lero ndi nkhuku imene kathamangitsa, ukatha ukapondetse phazi m'matope pang'ono nkudinda pa pepalapo. Amayi ajambule anditumizire pa WhatsApp. Uwapatse moni agogo.

Ndine malume ako.