Kalata kwa Tadala: amphaka a ku Matundo

Wokondedwa Tadala,

Ndine malume ako kuno ku Moatize. Mayi ako akuti dzino lako lakutsogolo lidagweruka, ndiye poseka ukumatseka pakamwa ndi dzanja. Usachite manyazi, limera lina. Kuno kwatentha moti phula akuchita kumata ku nsapato. Mwezi wa Okutobala ukafika, kutentha kumapitirira madigiri 40, pamene inu ku Ulongwe mukadafundabe bulangete m'mamawa.

Paja pa foni udandiuza kuti amphaka onse amadziwa liwu limodzi lokha, lakuti miyawu? Ndidakuvomera, koma tonse awiri tidaphonya. Mvetsera zimene ndidaona Loweruka.

Ndidakwera chapa, minibasi ya kuno, kupita ku Matundo, tsidya lino la Zambezi, pafupi ndi mlatho wa Samora Machel uja wolendewera pa zingwe. Kumeneko kuli agogo ena amene amatola amphaka otayidwa n'kumawasunga kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa mlambe waukulu. Adayamba mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana adadzaza mtsinje wa Revubwe mpaka mlatho wa pa Revubwepo kuduka. Iwe udali kakhanda kumsana. Anthu adathawa madzi, amphaka n'kutsala pa madenga. Agogowo adayamba ndi atatu. Ine ndidawerenga 23, kapena 24, poti wina ankangosinthasintha malo ngati akufuna kundipusitsa.

Woyamba kundilonjera adali Chapa. Adamutcha choncho chifukwa amakuwa ngati mnyamata woitanira anthu pa siteji: nyaaau! nyaaau! Alibe nthawi yopuma. Akadya amalira, akakhuta amalira, ukamuyankha ndiye wamuputa. Agogo amamukalipira m'Chinyungwe, iye n'kumabweza mawu.

Pamwamba pa mtondo wovundikira pamakhala Amfumu. Awa ndi mphaka wamkulu mutu, khutu limodzi long'ambika pa nkhondo zakale. Salira wamba. Ana amphaka akasokosa, amangoti "mau" kamodzi, ndi mawu a pansi ngati ng'oma yaikulu, bwalo lonse zii. Ndidawapatsa moni ndi manja awiri, iwo adangoyasamula.

Kuli winanso dzina lake Chicoa, ngati nsomba youma ija ndidakubweretserani chaka chatha. Ameneyu ndi mbala, ndipo ndikunena mosabisa. Kamawu kake n'kakang'ono, kokoma, kakuti "mii", ngati mwana wopempha shuga. Ukamamvera chisoni kamawuko, dzanja lake lili kale m'thumba mwako. Adandibera kapenta amene ndidagulira anzake onse. Koma akaona mbalame mu mlambe amasintha: mano amagundana kekeke, ngati mmene umachitira iwe ukasamba madzi ozizira mu Juni.

Agogo adandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa ngakhale ndili ndi imvi ziwiri. Amphaka akuluakulu saimbirana miyawu kawirikawiri okhaokha. Amamvana ndi fungo, michira ndi makutu. Miyawu ndi mawu a kamwana poitana mayi wake, ndipo akakula amawasungira ife anthu, chifukwa adaona kuti tikawamva timathamangira mbale. Ndiye mphaka akakulirira, dziwa kuti akukutuma! Msuweni wawo wakutchire, vumbwe uja amagwira nkhuku kwa agogo ako ku Domwe, sataya nthawi kulirira munthu.

Palinso kulira kwina kosatsegula pakamwa. Ndidanyamula Kachewere, kamphaka konenepa kozungulira ngati mbatata ya kwanu, ndipo m'chifuwa mwake mudayamba kulira grrrr, ngati chigayo chili kutali. Ana amphaka amabadwa osaona ndi osamva, maso amatseguka pakatha sabata ndi masiku pang'ono, choncho kunjenjemera kumeneku kumawathandiza kupeza pamene pali mayi wawo. Nthawi zambiri mphaka amatero akakondwa, koma nthawi zina amateronso akamva kuwawa. Koma ukamva "fuuu!", makutu atagona kumbuyo, ubweya utaima, chotsa dzanja msanga. Akutanthauza kuti ndisiye, ndipo sabwereza kawiri.

Tsopano ndikuuze za amene ndakulembera kalatayi.

Kuseri kwa mgolo wa madzi kudali kamphaka kakuda bii, maso achikasu. Agogo adakapeza m'katoni pafupi ndi msika. Anthu ena amaopa mphaka wakuda, amati ngwa afiti. Ine ndidakayang'ana bwinobwino, ndidangoona kamwana kanjala koopa phazi la munthu. Chikafikireni sikadalirepo. Kamatsegula kukamwa ngati kakufuna kunena kanthu, koma mawu osatuluka.

Agogo adati ndikhale pansi, ndisakayang'anitsitse, ndingotsinzina pang'onopang'ono n'kutsegulanso maso. Akuti m'chinenero cha amphaka kumeneko n'kunena kuti ine si mdani. Ndidakhala padothi lotentha mpaka mwendo udachita dzanzi. Chapa ankakuwa, Chicoa ankafufuza m'thumba mwanga kachiwiri. Kenaka kaja kadatuluka, phazi limodzi, kuima, phazi lina, kuima. Kadanunkhiza chala changa, n'kutsinzinanso maso. Ndidakumbuka iwe tsiku lija ndidabwera koyamba, udabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ako mpaka madzulo, kenaka n'kudzandipatsa chimanga chootcha osanena kanthu.

Kamphakako kalibe dzina. Agogo akuti aliyense amamutcha malinga ndi mawu ake kapena khalidwe lake, ndiye aka akusowa poyambira. Ndawapempha kuti ntchito imeneyi akusiyire iwe. Ndi kakakazi, kali ndi kadontho koyera pakhosi, ndipo kamakonda kugona m'nsapato.

Ndalankhula kale ndi mayi ako. Avomera, bola kayambe kabayidwa katemera wa chiwewe, ndipo kakakula pang'ono adokotala a ziweto akakonze kuti kasamaswe. Ntchito yako idzakhala kukathirira madzi oyera tsiku lililonse. Mkaka wa ng'ombe ayi, umatsegula m'mimba amphaka ambiri. Makoswe a m'nkhokwe ya agogo ako asamuke okha.

Ndibwera nako mu Disembala, m'dengu, pa chapa ya m'mawa kusadatenthe. Uwauze mayi ako dzinalo anditumizire pa foni, kuti ndiyambe kukazoloweza. Upereke moni kwa agogo ndi kwa Yohane, umuuzenso kuti mchira wa mphaka si chingwe.

Ndine malume ako.