Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamtengatenga m'boma la Wales: njanji ya Machynlleth mpaka Pwllheli

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba poyera chifukwa zolankhula m'maofesi ndi pamisonkhano sizinaphule kanthu. Pamene Transport for Wales, kampani ya boma lanu yoyendetsa sitima, inalengeza mu 2024 kuti isintha ndandanda wa nthawi za sitima, anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ya Cardigan Bay, mmene njanjiyi imadutsa, makhonsolo awo ndi aphungu a dera la Dwyfor Meirionnydd anadandaula mokweza. Anamvedwa pang'ono chabe, sitima n'kuchepetsedwabe, makamaka m'miyezi yozizira. Nthawi yomweyo tikuuzidwa chaka ndi chaka kuti anthu oyenda ndi kuima pa njanji mosaloledwa akuchuluka ndipo aleke. Maofesi anu amaona nkhani ziwirizi ngati zosiyana: ina ndi ya kampani yoyendetsa sitima, ina ndi ya Network Rail, yosamalira njanji yeniyeniyo, ndi apolisi a pa njanji a British Transport Police. Kwa amene amaidziwa njanjiyi, nkhaniyi ndi imodzi, ndipo simudzathetsa mbali ina mutasiya inayo.

Poyamba muone mmene njanjiyi inayalidwira. Kuchoka pa Dovey Junction, kudzera ku Aberdyfi, Tywyn, Fairbourne, Barmouth, Harlech, Porthmadog ndi Criccieth mpaka ku Pwllheli, njanji ndi imodzi yokha. Ili ngati mlatho wa mtengo umodzi: wina akakwerapo, wa tsidya linalo adikire. Malo amene sitima ziwiri zingapatukirane ndi owerengeka, pa Tywyn, Barmouth, Harlech ndi Porthmadog. Ndandanda yense anamangidwa pa malo 4 amenewa. Sitima imabwera kamodzi pa maola 2, ndipo ulendo wochoka ku Machynlleth kukafika ku Pwllheli umatenga maola oposa 2. Zonse zimawongoleredwa kuchokera ku Machynlleth kudzera mu ERTMS, njira ya makompyuta ndi wailesi yowongolera sitima, imene inayamba kugwira ntchito pa njanji yonse ya Cambrian, kuphatikizapo iyi ya kunyanja, mu 2011, koyamba m'dziko lonse la Britain. M'mbali mwa njanji mulibe masiginolo owala amene munthu wapansi angaone n'kudziwa kuti kukubwera kanthu. Chilolezo choyendera chimaoneka pa sikirini patsogolo pa dalaivala basi.

Tsopano tiyeni kummwera kwa Harlech, kumene njira ya Wales Coast Path imatsika phiri ndi masitepe okhotakhota, n'kudutsa njanji, n'kufika pa mchenga. Malowa ndi okongola kwambiri, ndipo vuto lagona pomwepo. Banja la alendo limafika pa geti litanyamula matawulo, ndowa za ana ndi galu pa chingwe. Kutsogolo kuli nyanja, kumbuyo phiri, pakati njanji yoti zii, yopanda phokoso lililonse. Bambo amaima pakati pa zitsulo kuti ajambule. Mwana amakhazikidwa pa chitsulo chenichenicho kuti chithunzi chikome. Izi si zongoyerekeza: mu 2021 Network Rail inatulutsa zithunzi za makamera a pa malo owolokera a ku Harlech zoonetsa anthu akuchita zomwezi, pamodzi ndi ana ang'onoang'ono.

Dalaivala amene akubwera ndi sitima ya mtundu wa Class 158 ya mabogi 2 akuyendetsa chinthu cholemera matani oposa 70. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, sitima imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse, ndipo ngakhale njanji ili youma imafuna mamita oposa 200 kuti iime. Ikanyowa ndi mvula, chinyezi cha m'nyanja kapena masamba ophwanyika, mtundawo umakula kwambiri. Tonse tikukumbukira za pa 21 Okutobala 2024, pamene sitima ziwiri zinawombana pafupi ndi Talerddig, pakati pa Machynlleth ndi Shrewsbury, mawilo atatsetsereka pa njanji yoterera, munthu m'modzi n'kumwalira. Dalaivala sangakhote. Chimene ali nacho ndi hutala ndi mabuleki, ndipo hutalayo imapikisana ndi mafunde ndi mphepo. Munthu wamkulu wathanzi amafuna masekondi angapo kuti adutse njanji imodzi kuchoka pa geti kufika pa linzake. Wokalamba, wokankha njinga ya mwana kapena wokoka galu amafuna ochuluka. Powerengera chitetezo cha malo owolokera, akatswiri amayerekeza kuti munthu akuyenda osaima. Palibe kuwerengera kumene kumapereka nthawi ya munthu amene waima, wapereka msana, akuyang'ana foni.

Tinene kuti banja lija lathawa bwino, palibe wavulala. Nkhani sinathe. Dalaivala amaima, n'kuimbira ku Machynlleth pa wailesi ya GSM-R. Wowongolera kumeneko ayenera kuchenjeza sitima yotsatira kuti idutse derali pang'onopang'ono, pa liwiro loti ikhoza kuima pa mtunda umene dalaivala akuona ndi maso. Ngati dalaivala woyamba uja wagwidwa mantha moti sangapitirize, ndipo ndi ufulu wake kutero, womulowa m'malo sali pafupi. Mphindi zimene zatayika pa Harlech sizitsala pa Harlech. Sitima yopita kumpoto yadikira pa malo opatukirana, nayonso yachedwa, ndipo ikafika ku Pwllheli iyenera kubwerera ndi kuchedwa komweko. Nthawi zina, pofuna kubweza nthawi, sitima imatembenuzidwa isanafike kumapeto, anthu a masiteshoni otsalawo n'kusiyidwa padzuwa. Yopita kummwera ikafika ku Machynlleth mochedwa, pamene imayenera kulumikizidwa ndi mabogi ochokera ku Aberystwyth kuti zipitire limodzi ku Shrewsbury ndi Birmingham, pamakhala zosankha ziwiri zoipa zonse: kuimitsa mabogi enawo, kuchedwako n'kufalikira ku Talerddig, Newtown ndi Welshpool, kapena kuwalola apite, anthu a kunyanja n'kutsala. Wotsalayo sadikira mphindi 15 monga ku Cardiff. Amadikira maola 2, mwina ali ndi nthawi yoonana ndi dokotala ku Shrewsbury imene anaiyembekezera miyezi. Ndipo ngati inali sitima yomaliza ya tsikulo, basi, wagona komweko kapena walipira takisi ya mtengo woposa tikiti kangapo.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse, a Nduna, ndipo ndikunena mwaulemu. Njanji imene padutsa sitima mwa apo ndi apo imaoneka ngati yakufa. Mlendo akakhala pa gombe theka la tsiku osaona sitima, amaganiza kuti ndi njanji yakale ya zokopa alendo. Mwini mudzi nayenso amaloweza ndandanda n'kumati "ya masana yadutsa kale, palibenso ina", n'kudulira pa njanji kupita ku nkhosa zake kapena kwa mnzake. Koma ndandanda sanena zonse. Sitima yochedwa imafika pa nthawi imene palibe akuiyembekezera. Palinso zina zosalembedwa pa chikwangwani cha pa siteshoni: mainjini achikasu a Class 97 a Network Rail, sitima zotsuka njanji nthawi yoyoyoka masamba, ndi za alendo zobwera mwapadera. Mukachotsa sitima, mukuwonjezera nthawi imene njanji ili chete, n'kulimbikitsa chizolowezi chimene makampeni ochenjeza anthu akulimbana nacho. Komanso munthu amene waphonya sitima pa kasiteshoni kakang'ono, yotsatira ili kutali maola 2, basi kulibe, msewu wa A496 uli wopapatiza ndipo m'malo ena ulibe poyenda apansi, amayesedwa kutsata njanji chifukwa ndiyo njira yosalala ndi yowongoka. Ndi mlandu, inde, ndipo chindapusa chake chimafika mapaundi 1,000. Sindikuikira kumbuyo aliyense wochita zimenezi. Koma chikwangwani cha chindapusa sichifupikitsa maola 2.

Zina ndingozitchula mothamanga. Ana a Ysgol Ardudwy ku Harlech ndi a Ysgol Uwchradd Tywyn amapita kusukulu pa sitimayi, ndipo ikachedwa amaunjikana pa mapulatifomu afupiafupi. Misasa ya makalavani pakati pa Barmouth ndi Harlech ili mbali ina ya njanji, nyanja mbali inayo kapena pafupi, moti mpanda ukangothyoka pamabadwa kanjira. Mageti a m'mafamu amene woyendetsa thirakitala amayenera kuimba foni asanatsegule amasiyidwa otsegula, nkhosa n'kulowa. Mchere wa m'nyanja umadya waya wa mpanda msanga kuposa kumtunda. Mabogi 2 m'miyezi ya alendo amadzaza mpaka anthu kutsala pa siteshoni. Njanji ikatsekedwa, basi yolowa m'malo siingadutse pa mlatho wa Barmouth. Imazungulira mtsinje wa Mawddach mpaka kufupi ndi Dolgellau, ulendo wa mphindi zochepa n'kusanduka wautali.

Ndipo si kuti anthu a kuno sanapirire. Mkuntho wa mu Januwale 2014 utawononga njanji, anadikira miyezi, ndipo kumpoto kwa Harlech anadikira mpaka mlatho watsopano wa Pont Briwet utatsegulidwa chaka chomwecho. Kuyambira 2020 mpaka 2023 anavomera kuti njanji izitsekedwa nthawi ndi nthawi kuti mlatho wa Barmouth, umene unatsegulidwa mu 1867, ukonzedwe ndi ndalama pafupifupi mapaundi 30 miliyoni. Ntchitoyo inali yabwino ndipo ndikuyamikira onse amene anaigwira. Koma tandiuzeni, a Nduna, nzeru yake ili pati yokonza mlatho ndi ndalama zonsezo, chaka chotsatira n'kulengeza kuti sitima 4 pa tsiku, 2 mbali iliyonse, zichotsedwe pakati pa Machynlleth ndi Pwllheli? Chifukwa chimene chinaperekedwa n'choti okwera ndi ochepa. Anthu amene zaka zingapo motsatizana amapeza basi m'malo mwa sitima akanachuluka bwanji? Mu 2018, kampani ya KeolisAmey italandira ntchito yoyendetsa sitima za Wales, tinalonjezedwa sitima zatsopano ndi sitima ya ola lililonse pakati pa Shrewsbury ndi Aberystwyth. Boma lanu linatenga ntchitoyi m'manja mwake mu Febuluwale 2021, ndipo malonjezo aja akhala akusunthidwa tsiku ndi kuchepetsedwa. Sitima zatsopano za Class 197 zinayamba kunyamula anthu kwina ku Wales kalekale pamene njanji ya Cambrian inkadalirabe za Class 158 zopangidwa cha m'ma 1990.

Ndikudziwa yankho limene limabwera msanga: njanji yeniyeniyo, mipanda ndi malo owolokera si za boma la Wales, ndi za Network Rail, imene imayankha ku boma la ku London. N'zoona. Koma Transport for Wales ndi yanu, ndandanda ndi wanu, ndipo mphindi iliyonse yotayika chifukwa cha munthu woima pa njanji imagwera okwera anu. Muli ndi mphamvu yoitana onse kuti akhale pa tebulo limodzi, ndipo palibe wina amene ali nayo.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Itanani Transport for Wales, Network Rail, British Transport Police ndi khonsolo ya Gwynedd, dera limene njanjiyi imadutsa, atuluke ndi dongosolo limodzi lolembedwa la njanji ya kunyanja, lokhala ndi masiku ake ndi dzina la ofesi yoyankha pa chinthu chilichonse. M'dongosololo, sitima zimene zinachotsedwa zibwezeretsedwe chaka chonse, kuyambira ndi yam'mawa kwambiri ndi yomaliza usiku, chifukwa ndizo zimene wogwira ntchito mu hotelo, wosamalira okalamba ndi wophunzira wa pa koleji ku Pwllheli amadalira, ndipo zisiyidwe kwa zaka zokwanira kuti anthu azikhulupirirenso musanawerengenso okwera. Pa malo owolokera opita ku gombe amene pamadutsa anthu ambiri ndipo sitima sioneka patali, paikidwe nyali zofiira ndi zobiriwira zokhala ndi belu, kuti munthu asadalire maso ndi makutu ake okha polimbana ndi phokoso la mafunde. Mipanda ya pafupi ndi misasa ya alendo iyenderedwe ndi kukonzedwa tchuthi cha Pasaka chisanafike, ndipo eni misasa apatsidwe uthenga wa m'Chiwelishi ndi m'Chingerezi woti aziupereka kwa mlendo aliyense pamodzi ndi kiyi, wonena momveka kuti njanjiyi ndi yamoyo ndipo sitima ingabwere nthawi iliyonse. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti pakhale anthu enieni ovala yunifomu pa malo oopsawo kumapeto kwa sabata. Pomaliza, miyezi 3 iliyonse muzisindikiza, malo ndi malo, chiwerengero cha anthu opezeka pa njanji, mphindi zotayika ndi maulendo amene kulumikizana kwa ku Machynlleth kunalephereka, kuti aliyense aone ngati zikusintha.

Ndikupempha kuti yankho lanu likhale la poyera monga kalatayi, ndipo lifike ndandanda wotsatira asanatsimikizidwe.

Ine wanu,
Wokwera njanji ya Cambrian