Zotsatira za mitima ya ana athu zili kuti?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaulire m'nyuzipepala yanu, poti foni iliyonse yomwe ndaimba akundiuza kuti abwana ali ku msonkhano.

Ndine kochi wa timu ya anyamata osapitirira zaka 17 kuno ku Lilongwe. Sabata yatha anandibweza pakhomo la hotela ina kumene akatswiri a yunivesite ina amaulutsa zotsatira za kafukufuku wa thanzi la osewera mpira achinyamata. Mtsikana wa patebulo anayendetsa chala papepala kuyambira pamwamba mpaka pansi, nkundiuza kuti dzina langa palibe, komanso chakudya anawerengera kale anthu. Chakudya! Kodi ndinakwera minibasi kutsata samusa?

Kafukufuku ameneyo, a Mkonzi, anachitikira pa zifuwa za anyamata anga. Pomwe ankabwera chaka chatha dzina langa ankalidziwa bwino lomwe, mpaka kumanditchula kuti bambo kochi. Ndine ndinayenda khomo ndi khomo kupempha makolo kuti asaine mafomu, ena kudinda chala. Mukudziwa mmene anthu amachitira akamva zoti kwabwera alendo a makina oyeza thupi, nkhani ya anamapopa sinaiwalike. Agogo ena ananditulutsira mawu oti sindingawalembe pano. Ndinapirira, ndinkati ndi zothandiza ana.

Tsikulo anawagoneka mmodzimmodzi pa benchi m'kalasi, nkuwamata tinthambo pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo, makina a ECG, oyeza kagundidwe ka mtima, nkumatulutsa pepala la mizere yokwera ndi kutsika. Anawayeza BP, msinkhu ndi kulemera, nkuwafunsa ngati kubanja kwawo kuli wina amene anamwalira mwadzidzidzi akadali wamng'ono. Atafika pa mnyamata wina, amene amasewera pakati ndipo satopa, woyezayo anakhalitsa akuyang'ana pepala, nkuitana mnzake. Ananong'onezana. Anamugonekanso kachiwiri. Nditafunsa anati, "Musadandaule, tidzakuuzani." Aliyense analandira botolo la zoziziritsa kukhosi ndi banzi, galimoto nkudzuka. Mpaka lero.

Mayi ake a mnyamatayo amandifunsa nthawi iliyonse tikakumana kumsika. Ndiziwayankha chiyani? Mwanayo ndizimuseweretsa kapena ayi? Anawayeza ngati fodya ku okushoni, komatu ngakhale mlimi wa fodya amalandira kapepala komuuza giredi ndi mtengo wake.

Asaganize kuti poti tilibe madigiri ndiye kuti sitidziwa chomwe chimasakidwa ndi makina aja. Tinaonera pa kanema Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon akugwa yekha pakati pa bwalo ku Lyon mu 2003, popanda womugunda, ndipo sanadzukenso. Anali ndi zaka 28 ndipo madokotala anapeza kuti mnofu wa mtima wake unali wokhuthala mopitirira muyeso. Christian Eriksen anagwa chimodzimodzi ku Copenhagen mu 2021, koma pambali pa bwalo panali madokotala ndi makina odzutsira mtima, ndipo anabwereranso m'bwalo. Pafupi pompano, Enock Mwepu wa Chipolopolo anasiya mpira mu 2022 ali ndi zaka 24 zokha, ali pa Brighton, atamupeza ndi vuto la mtima lakumtundu. Zinapweteka, koma anamuuza. Sanamupatse banzi nkumuuza kuti tidzakuuzani.

Ku Italy lamulo loti aliyense wochita mipikisano ya masewera ayezedwe mtima linayamba mu 1982. Akatswiri atawerengera za m'chigawo cha Veneto kwa zaka zoposa 20, anapeza kuti imfa zadzidzidzi za osewera achinyamata zinatsika ndi 89 peresenti. Zinatsika chifukwa opezeka ndi vuto ankauzidwa nkuimitsidwa kusewera. Makinawo paokha sachiza munthu. Kuno tatengera theka loyamba lokha, lomata nthambo, theka lachiwiri tasiyira azungu.

Mnzanga wina amene dzina lake linalipo pa pepala lija (sanagwirepo wezulo chibadwire, koma ali ndi ofesi) anandiuza kuti zonse zidzatuluka m'magazini ya akatswiri ya kunja. Ndafufuza. Magazini ambiri oterewa, kuti uwerenge nkhani imodzi yokha, umalipira madola pa intaneti. Madola! M'dziko lino lomwe ngakhale oitanitsa mafuta amawalirira. Ndiye mayi wogulitsa tomato apeze madola, agule nkhani ya m'Chingerezi cha madokotala, nkukapezamo kuti mwana wake anasanduka nambala m'tebulo lachitatu. Apo ndiye ndagoma nanu anthu ophunzira.

Sikuti ndikupempha chifundo. Chikalata cha Helsinki, chomwe ochita kafukufuku pa anthu padziko lonse amachitsatira, chimanena kuti otenga nawo mbali apatsidwe mwayi wodziwa zomwe kafukufuku wapeza. Fomu yomwe makolo anasaina inalonjezanso zomwezo, ndili nayo. Dziko lino lili ndi bungwe la National Commission for Science and Technology komanso makomiti ounika kafukufuku asanayambe. Ndikuwapempha kuti aziunikanso akatha, afunse funso limodzi lokha: anthu aja munawabwezera mawu?

Chomwe chimandiwawa kwambiri n'chakuti kafukufuku wa masewera ndi wothandiza akafika pa bwalo. Pali ndondomeko yotenthetsera thupi yotchedwa FIFA 11+, ya mphindi 20 zokha, yosafuna chipangizo chilichonse chodula. Anaiyesa ku Norway pa atsikana osewera mpira pafupifupi 1,900, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2008 zinaonetsa kuti kuvulala kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ine ndinaiphunzira pa YouTube ndi bandulo yanga. Chiyambireni, anyamata obinya akakolo ndi odandaula za bondo achepa ndithu pa timu yanga. Nanga akatswiri athu akanalephera kuiika m'Chichewa pa pepala limodzi nkugawira makochi? M'maligi ang'onoang'ono dokotala wa timu ndi aliyense amene wanyamula chigubu cha madzi tsikulo. Wathyoka, madzi. Wakomoka, madzi, kenako kumukupiza ndi jezi.

Ndipo musandiyambitse za mabwalo. Bungwe la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi mphindi 60 tsiku lililonse. Achitire kuti? Mabwalo omwe tinkasewerapo ife pano ndi mapuloti, kwina kwamangidwa mashopu, ndipo nthawi ya PE kusukulu aphunzitsi amailowetsa masamu poti sibwera pa mayeso. Za ndalama za pachipata nazo, bwalo kudzaza mpaka anthu kukwera m'mitengo koma zolengezedwa osakwana kulipira osewera, palibe katswiri wa zachuma amene wabwera kudzatifotokozera momwe zimasowera. Kumeneko kafukufuku safikako, mwina poti kulibe alawansi. Dziko lotulutsa Tabitha ndi Temwa Chawinga, dziko la ma Queens, koma ana ake amayezedwa kuti ena akwezedwe pantchito.

Pempho langa ndi lachidule. Unduna wa zamasewera ndi FAM asamapereke kalata yololeza aliyense kuyeza osewera pokhapokha atalemba tsiku lomwe adzabwere ndi zotsatira, m'chilankhulo chomwe makolo amamva, pa bwalo lomwelo pomwe anayezera. Wopezeka ndi chokayikitsa apatsidwe kalata yopita nayo kuchipatala sabata yomweyo. Ndalama za hotela ndi samusa agulire makina odzutsira mtima ngakhale amodzi pa boma lililonse, nkuphunzitsa makochi ndi oimbira kupopa mtima wa munthu akagwa.

Koma inu a kafukufuku uja, nambala yanga muli nayo, munkaiimba usiku pofuna mafomu. Ligi ikuyamba posachedwa ndipo mnyamata uja ndamuika pabenchi mpaka nditaona pepala lake. Akundikwiyira, anzake akundikwiyira, ndipo mayi ake ndawauza kuti ulendo wotsatira wa ku ofesi yanu tipitira limodzi.

Kochi wokhumudwa,
Lilongwe